Apongozi anandiphikira nkhono, kodi n'zodyedwa?

Achemwali ena omwe anakwatiwa ku Maputo andilembera imelo. Akuti apongozi awo anawaphikira chigwada chotendera, koma atavundula anapezamo "nkhono". Nseru inawagwira, mbale anaikankha, ndipo mpaka lero apongoziwo sakuwayankhula bwino. Funso lawo ndi lakuti, kodi zinthu zimenezi n'zodyedwa?

Achemwali, mwandikumbutsa manyazi anga. Inenso ndinachita zomwezo, mumzinda womwewo. Mnzanga wina ananditengera ku gombe la Costa do Sol madzi a m'nyanja ataphwa, tinapeza amayi atawerama m'matope ndi mabeseni, akukumba ngati akufukula mbatata. Madzulo mkazi wake anatiikira mbale yodzaza tizigoba totseguka, fungo la adyo ndi ndimu lili guu. Ine ndinati m'mimba simuli bwino. Bodza lenileni. Ndinadya buledi wouma anthu akunyambita zala, kamwana ka zaka zinayi kakundiyang'ana ngati ndine wodwala mutu.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ine yemweyo ndikamadutsa mumsewu wa M1 ndimaimitsa galimoto kugula mbewa, n'kudya ndi ubweya womwe. Ngumbi ndimakazinga, mphalabungu sindisiya. Ndiye ndinali ndani kuti ndinyansidwe? Ife a kumtunda tili ndi matenda amenewa: chakudya chimene agogo athu sanadye timachitcha uve. Ndinene mosabisa, kukankha mbale kuja sikunali kusamala thanzi, kunali kusadziwa basi, ndipo ndikudzinena ndekha poyamba.

Komanso dzina lakuti nkhono ndi limene limatisokoneza. Tikamva nkhono timaganiza ija yokwawa pakhoma la bafa nthawi ya dzinja, kapena tija ta m'madambo tofalitsa likodzo. Izi ndi zina. Anthu a ku Mozambique amati amêijoa, Azungu a Chingerezi amati clam. Kanyama kameneka kali ndi zigoba ziwiri zolumikizana ngati chitseko, kalibe mutu, kali ndi phazi limodzi looneka ngati lilime lomwe kamakumbira mumchenga, ndi timipope tiwiri: kena kokoka madzi, kena kotulutsa. Kamadya posefa tizomera tosaoneka ndi maso tomwe tili m'madzimo. Ndipo chigwada chija, kumeneko amati matapa, amathiramo nsinjiro ndi mkaka wa kokonati, kenako nkhanu kapena amêijoa. Apongozi anu anakuphikirani chakudya cha ulemu.

Nditayamba kuzidya ndinayambanso kuzifufuza, mpaka anzanga anatopa nane. Mu 2006 akatswiri a ku Bangor University ya ku Wales anavuula imodzi kufupi ndi Iceland. Atawerenga mizere ya pachigoba, yomwe imawonjezeka umodzi chaka chilichonse ngati ya mtengo, anapeza kuti inali ndi zaka 507. Inabadwa cha m'ma 1499, Livingstone asanalotedwe n'komwe, ndipo anaipatsa dzina lakuti Ming. Inafera m'manja mwa akatswiriwo, zomwe zimandikwiyitsa mpaka lero. Palinso zikuluzikulu za kunyanja ya Pacific zolemera kuposa makilogalamu 200. Ngakhale m'nyanja yathu ya Malawi muli abale ake a zigoba ziwiri, timangowaponda pamchenga osawalabadira.

Ngati nkhani ndi ya tchalitchi, imeneyo ndi ina. Levitiko 11 amaletsa za m'madzi zopanda zipsepse ndi mamba, ndipo a Seventh Day amatsatira zimenezo. Koma inu simunatchule za mpingo, mwatchula nseru.

Nanga choopsa n'chiyani?

Madzi omwe zachokera. Popeza zimasefa, zikakhala pafupi ndi potayira zonyansa za mumzinda zimasunga tizilombo totsegula m'mimba. Ku Cape Town nthawi zina nyanja imafiira chifukwa cha ndere zapoizoni, boma n'kuchenjeza kuti anthu asatole. Poizoni ameneyo satha mphamvu, ngakhale mutabwatitsa tsiku lonse.

Choncho gulani zamoyo, zotseka. Yomwe yayasama igogodeni, ikapanda kutseka tayani, yosweka chigoba tayaninso. Ziviikeni m'madzi ozizira a mchere ola limodzi kapena awiri kuti zilavule mchenga, apo ayi mudzakukuta dothi. Kazingani adyo, ziponyeni mumphika, vundikirani mphindi 5 mpaka 10. Zomwe sizinatseguke musadye, ndipo zaziwisi musayerekeze, makamaka ngati muli oyembekezera.

Za apongozi, apempheni akutengereni kumsika Loweruka akakuonetseni kusankha. Msuzi wotsala mumphika musataye, ine ndimadyera nsima.