Yankho kwa achemwali amene anafunsa za mwala wabowo wa ku Cornwall

Achemwali, chithunzi mwaika chija, cha mwala wozungulira wabowo pakati ndi miyala ina iwiri itaima uku ndi uku, ndi cha Mên-an-Tol. Mwafunsa kuti anauimika ndani, ngati n'zoona kuti umachiritsa ana ndi kupatsa mimba, komanso ngati kuli bwino kupita ndi ana kukauona pa holide. Ndaona ena akuyankhani kale kuti "n'zaufiti, musayerekeze". Ine ndikuti pitani, koma ndiloleni ndifotokoze kaye.

Mwalawu uli ku England, kumapeto kwenikweni kwa dera la Cornwall, chakumadzulo, pakati pa midzi ya Madron ndi Morvah, kufupi ndi tauni ya Penzance. Ndi pamtunda popanda mitengo. Pali udzu ndi tizitsamba taminga tamaluwa achikasu basi, mphepo ya kunyanja imaomba osapumira, ndipo nkhungu ikagwa simuona ngakhale munthu amene ali patsogolo panu. Ambiri akafika amadabwa kuchepa kwake, chifukwa pachithunzi umaoneka ngati chimwala. Kutalika kwake kumangopitirira pang'ono mita imodzi, ndipo bowolo ndi la theka la mita, loti munthu wamkulu amadutsamo chokwawa.

Chimene ndikufuna mugwire n'chakuti pamwalapa pali nkhani ziwiri zosiyana, ndipo anthu amaziphatikiza. Yoyamba ndi ya amene anauimika. Yachiwiri ndi ya anthu a m'midzi amene anadzaupeza ulipo kale n'kuyamba kuugwiritsa ntchito mwa njira yawoyawo. Pakati pa magulu awiriwa panadutsa zaka masauzande.

Akatswiri ofukula zakale amati miyalayi inaimikidwa zaka zapakati pa 3,500 ndi 4,500 zapitazo. Nthawi imeneyo ku Britain kunalibe chitsulo, kunalibenso zolembalemba, moti eni akewo sanasiye mawu alionse. Ndiye munthu akamakuuzani motsimikiza kuti pamenepa ankaperekerapo nsembe, kapena kuti linali khomo la mizimu, dziwani kuti akungoganiza. Komanso mmene miyala itatuyi yandandalikirana lero si mmene inalili poyamba. William Borlase, m'busa wa ku Cornwall amene ankakonda kufufuza zakale, anajambula malowa cha m'ma 1700, ndipo pa chojambula chakecho miyalayi siili pamzere woongoka ngati lero. M'zaka zoyambirira za m'ma 1990 akatswiri a Cornwall Archaeological Unit atalambula tchire anapeza zitsa za miyala ina zitakwiririka, ndipo anaona kuti n'kutheka kuti panali bwalo lozungulira la miyala 18 kapena 20. Ena amaganiza kuti wabowowu unali chitseko cha manda ena apafupi, n'kudzasunthidwa pambuyo pake. Ine ndimakhulupirira kwambiri za bwalozi, chifukwa mabwalo otere ndi ambiri kuderali. Lina, la Boskednan, lili pamtunda womwewo, poti mutha kuyenda wapansi.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi bowolo. Mwalawu ndi wa granite, wolimba zedi. Pali oganiza kuti mvula inayamba kale kuukumba kachigodi uli kuphiri, anthu n'kudzamaliza. Ngakhale zitakhala choncho, taganizirani kugogoda mwala ndi mwala unzake mpaka kutulukira kuseri, bowo n'kukhala lozungulira bwinobwino. Amene munaonapo mphero ya agogo mmene imadyekera pang'onopang'ono kwa zaka zambiri mukumvetsa ntchito imene ndikunenayi. Munthu wanjala kapena wopanda cholinga sangaipirire. Anali anthu olima ndi oweta, okhala ndi nthawi komanso chifukwa chachikulu.

Tsono za machiritso. Izi zinalembedwa m'zaka mazana atatu zapitazi, kuchokera kwa anthu wamba a m'midzi yozungulira. Mwana wodwala matewe, matenda aja opinda miyendo, ankamuvula n'kumudutsitsa pabowo katatu, ena amati kasanu ndi kanayi, kenako n'kumukoka paudzu mozungulira motsutsana ndi mmene dzuwa limayendera. Wamkulu womva msana ankakwawa yekha. Mayi wosowa mwana ankati adutse chafutambuyo kasanu ndi kawiri mwezi uli wathunthu. Panalinso oika mapini awiri amkuwa mopingasa pamwamba pa mwala, ati mapiniwo akasuntha ndiye yankho la funso lawo.

Musawaseke anthu amenewa. Matewe anazunza kwambiri ana ku Britain kuyambira m'ma 1600 mpaka kuchiyambi kwa m'ma 1900, ndipo makolo ankangoona mwana akupindika miyendo osadziwa chochita. Mayi wonyamula mwana kukwera naye mtunda wamphepo uja anali kuchita zimene akanatha. Koma mwala sunachize aliyense. Chimayambitsa matewe kawirikawiri ndi kuchepa kwa vitamini D, amene thupi limapanga khungu likawombedwa ndi dzuwa, ndipo izi zinadziwika bwino cha m'ma 1920. Apa ndipatuke pang'ono, popeza ambiri mugulu lino tikulera ana kuno ku UK. Khungu lakuda limafuna dzuwa lambiri kuti lipange vitaminiyu, ndipo dzuwa la kuno kuyambira October mpaka March silikwanira. A NHS, bungwe la boma loona zaumoyo kuno, amalangiza kuti anthu akhungu lakuda aganizire zomwa mamaikrogiramu 10 a vitamini D tsiku lililonse chaka chonse, ndipo ana a chaka chimodzi mpaka zinayi azipatsidwa mlingo womwewo. Ngati mwana akukudetsani nkhawa ndi miyendo, pitani kwa GP, dokotala wa m'dera lanu. Za mimba n'chimodzimodzi.

Miyala yabowo siili ku Madron kokha. Wa Tolvan, kufupi ndi Gweek, ndi waukulu kuposa uwu ndipo uli kuseri kwa nyumba ya munthu. Ku Doagh, ku Northern Ireland, kuli wina umene anthu okondana amagwiranirapo manja kudzera pabowo. Koma umene umandipweteka ndi wa ku Orkney, ku Scotland, umene ankautcha Odin Stone. Mnyamata ndi mtsikana akagwirana manja pabowo lake n'kulumbira, mudzi wonse unkaona kuti lonjezolo silingathyoledwe. Mu December 1814, mlimi wina wobwera, Captain Mackay, amene anachita lendi mundawo, anatopa ndi anthu omupondera m'munda, nauphwanya mwalawo. Anagwetsanso miyala ina ya bwalo lapafupi lotchedwa Stones of Stenness asanamuletse. Anthu anakwiya mpaka kufuna kumuotchera nyumba, koma mwala unali utapita. Unapirira zaka masauzande, n'kutha m'manja mwa munthu mmodzi.

N'chifukwa chake ndimadandaula ndikamva tikutcha "ufiti" chilichonse chakale chimene sitikuchimvetsa. Mên-an-Tol ndi ntchito ya manja a anthu, ndipo lero lamulo la dzikoli limauteteza. Kuuwononga ndi mlandu.

Mukapita, galimoto mukaisiya m'mbali mwa msewu wa Madron kupita ku Morvah, pamalo otchedwa Bosullow, n'kuyenda pafupifupi kilomita imodzi m'njira ya kumunda. Salipiritsa. Valani nsapato zoti zilowe m'matope ndi majekete a mvula, ngakhale kutacha bwino. Mukadutsa pageti mutseke chifukwa kumakhala ziweto. Ana aloleni akwawe pabowo, aliyense amatero, kungoti asakande mwala kapena kulembapo maina. Pobwerera muime pa Lanyon Quoit, pamsewu womwewo: chimwala chafulati chogonekedwa pa miyala itatu, chimene chinagwa ndi mkuntho mu 1815 n'kuimikidwanso mu 1824.