Scuba ku Zanzibar: muphunzirire komweko, kapena muyambire kunyanja kwathu kuno?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Ndayidula pang'ono, koma mawu ake ndi awa: "Ine ndi bambo a kunyumba tikupita ku Zanzibar mu Juni kukakumbukira zaka 10 za ukwati wathu. Tikakhalako masiku 6. Ndakhala ndikuonera mavidiyo a anthu akuyenda pansi pa nyanja atabereka masilinda, ndiye mtima sukundipatsa mpata. Vuto ndi loti ine kusambira ndimangoyesera, pomwe abambowo anakulira ku Nkhotakota, madzi ndi kwawo. Kodi tingakaphunzire komweko? Malo abwino ndi ati? Nanga sitikafera za eni?"

Zikomo mayi, ndipo mafuno abwino pa zaka 10 zimenezo. Kukaphunzira komweko ndi kotheka, masukulu a scuba ndi ambirimbiri pachilumbapo, koma ndikadakhala inu sindikadayambira kumeneko. Chifukwa chake ndichifotokoza. Poyamba ndikuuzeni zimene mwina simukuyembekezera: pa awirinu, amene ndikumudera nkhawa kwambiri ndi abambowo.

Mwana wokulira kunyanja akamapita pansi kukawonjola ukonde umene wakodwa pamwala, amakoka mpweya wambiri ali pamwamba, n'kuusunga m'chifuwa mpaka atavuuka. Thupi lake linazolowera zimenezo kuyambira ali wamng'ono, ndipo kwa munthu wopanda silinda ndi nzeru yabwino. Mukabereka silinda, chizolowezi chomwecho chimasanduka mdani. Pakuya kwa mamita 10, madzi amakupanikizani kawiri kuyerekeza ndi mmene mpweya umakupanikizirani pamtunda, ndipo mpweya umene mukukoka m'silindamo umalowa m'mapapo uli wopanikizika chomwecho. Mukaugwira n'kuyamba kukwera, umafufuma ngati chibaluni, moti pofika pamwamba umakhala utakula kawiri. Mapapo si chibaluni choti chizingotamuka. Amang'ambika, ndipo zimenezi zitha kuchitika ngakhale pakuya kwa mamita ochepa chabe. N'chifukwa chake lamulo loyamba limene mphunzitsi aliyense amalibwereza mpaka mutatopa nalo ndi lakuti muzipuma nthawi zonse, osagwira mpweya. Inu mayi mudzamva kamodzi n'kutsatira, popeza mulibe chizolowezi chakale. Abambowo madzi saiwala khwawa: akadzangodzidzimuka pang'ono, thupi lidzafuna kuchita za ku Nkhotakota, kutseka pakhosi n'kuthamangira kumwamba. Muwauze akalowe m'kalasi ngati mwana wa sitandade 1.

Ndikonzeretu chinthu china chimene ambiri amalakwitsa. M'silinda muja simukhala okosijeni ngati wa kuchipatala. Ndi mpweya womwewu tikupumawu, wongouthinitsa mpaka kufika pa 200 bar (bar ndi muyeso wa kupanikizika kwa mpweya). Geji imene imalendewera m'mbali mwanu ndiyo imakuuzani umene watsala, ndipo mwambo wake ndi woti muzifika pamwamba muli ndi 50 bar yosakhudza.

Tsopano za kusambira kwanu. Scuba safuna katswiri wa liwiro, koma kuti mulandire satifiketi ya bungwe la maphunziro a scuba la PADI yotchedwa Open Water, muyenera kusambira mamita 200 osaima, kasambiridwe kalikonse, popanda wina wokuwerengerani nthawi, kenako n'kuyandama mphindi 10 pamalo pomwe mapazi sakugunda pansi. Amalolanso mamita 300 mutavala magalasi, kapaipi kopumira ndi zipsepse za kumapazi. Ngati lero simungathe, muli ndi ntchito kuyambira Loweruka likubwerali. Pezani dziwe losambiramo ndi munthu woti akuphunzitseni. Chofunika kwambiri n'choti madzi akakulowani m'mphuno musamanjenjemere, chifukwa pamaphunziropo adzakuuzani kuti muvule magalasi muli pansi, muwavalenso, n'kutulutsa madziwo pouzira ndi mphuno. Anthu ambiri amene amathawa kosi amathawira pamenepo.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi yongolawa, imene amaitcha Discover Scuba Diving: theka la tsiku kapena tsiku limodzi, akufotokozerani pang'ono, muyeserere pamadzi osaya, kenako mphunzitsi akutengeni osapitirira mamita 12 ali pambali panu ngati namkungwi. Satifiketi palibe. Yachiwiri ndiyo Open Water ija, ya masiku 3 kapena 4. Muli zowerenga ndi mayeso ake, magawo 5 oyeserera pamadzi odekha, ndi maulendo 4 olowa m'nyanja yeniyeni. Mukakhoza mumaloledwa kufika mamita 18 muli ndi mnzanu, kulikonse padziko lapansi, ndipo khadi lake silitha ntchito. Bungwe lina lotchedwa SSI limaperekanso satifiketi yofanana nayo, musavutike mtima posankha pakati pa awiriwa. Mphunzitsi wake ndiye nkhani.

Tiwerengere limodzi masiku anu 6 aja. Loyamba lithera paulendo. Lomaliza simuloledwa kulowa pansi ngati mukubwerera pandege. Atsala 4, ndipo kosi ikufuna 3 kapena 4. Ndiye kuti chikumbutso cha ukwati wanu chithera pa kuwerenga za nayitrojeni usiku ndi kugwada m'dziwe la hotela masana, mukulipira chipinda m'madola. Ine zimenezo zimandiwawa, makamaka poti tili ndi nyanja yathu pakhomo pomwepa. Ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay kuli masukulu ophunzitsa scuba, ndipo Nyanja ya Malawi ndi kalasi yabwino zedi: mchere palibe, madzi saphwa ndi kudzaza, ndipo mbuna za mitundu yonse zimakuzungulirani pamiyala ngati nkhuku zaona chimanga. Ngati muli ndi mwayi mudzaona nsomba yaikazi ikulavula tiana take m'kamwa, n'kutimezanso mukangoyandikira. Malizani kosi yonse kuno ngati nthawi ilipo. Ikachepa, chitani zowerenga ndi zoyeserera zokha, mutenge kalata yokutumizani kusukulu ina, mukamalizire maulendo 4 aja ku Zanzibar m'masiku awiri. Kalatayo imagwira ntchito miyezi 12.

Kungoti mukafika kumadzi amchere mukanene kuti munaphunzirira m'madzi opanda mchere. Madzi a m'nyanja yamchere amayandamitsa kwambiri, choncho adzakuwonjezerani mtovu palamba, apo ayi mudzangoti yandaa pamwamba anzanu akutsika. Ndipo madzi akalowa m'magalasi amalasa m'maso, zimene ku Cape Maclear simunazimve.

Kokagona ndi kumpoto kwa chilumba chachikulu cha Unguja. Kuchokera ku Stone Town, chigawo chakale cha mzinda wa Zanzibar, kupita ku Nungwi ndi ulendo wa ola limodzi ndi theka pagalimoto. Ku Nungwi ndi ku Kendwa madzi akaphwa sathawira kutali kwambiri, ndiye mumatha kusamba nthawi iliyonse. Ku Matemwe, kumpoto chakum'mawa, madzi akaphwa amasiya bwalo lalikulu loti muyende wapansi kukapeza boti, mukuzemba tinyama taminga takuda timene timabisala m'maenje, ndipo nthawi yonyamuka imasintha tsiku ndi tsiku potengera madziwo. Ubwino wa Matemwe ndi woti Mnemba ali pamaso panu pomwepo.

Mnemba ndiye malo amene ali m'mavidiyo ambiri munaonerawo. Ndi kachilumba kakang'ono kozunguliridwa ndi matanthwe a makorali. Pamtunda pake pali hotela ndipo wamba saloledwa kupondapo, inu mumangothera m'boti ndi m'madzi. Kwa ongoyamba, malo otchedwa Kichwani ndi Wattabomi ndi okoma: matanthwe otsetsereka pang'onopang'ono, nsomba zachikasu zoyenda m'magulu zoti mukalowa pakati zimangopatuka n'kutsekanso kumbuyo kwanu, akamba a m'nyanja, ndipo nthawi zina ma dolphin amadutsa mukadali m'boti. Koma ndisakunamizeni, ku Mnemba kumadzaza. Pofika chakumasana maboti amakhala ngati maminibasi pa depoti, ndipo pamwamba panu pamangooneka miyendo ya anthu ovala majekete oyandamitsa. Funsani sukulu imene imanyamuka m'mamawa.

Ine mtima wanga uli ku Tumbatu, chilumba cha kumadzulo kwa Nungwi. Kulibe phokoso, madzi ake nthawi zambiri ndi odekha, ndipo ndi malo a tinthu ting'onoting'ono tobisala. Tsiku lina wotitsogolera anaima pamwala n'kuloza ndi chala. Ndinayang'ana, mwala. Ndinayang'ananso, mwala womwewo. Kenako mwalawo unatsegula diso, n'kusintha mtundu kuchoka pa wofiirira kupita pa wotuwa, n'kutambasula mwendo umodzi: anali octopus, nyama ya m'nyanja ya miyendo 8. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwa njira yomweyo mumabisalanso nsomba zaululu zooneka ngati miyala, ndiye manja anu azikhala opinda pachifuwa, osagwira kanthu.

Abambowo akamva za Leven Bank adzafuna kupitako. Ndi chitunda cha pansi pa nyanja kumpoto kwa Nungwi, kumene kumapezeka nsomba zikuluzikulu ngati barracuda ndi tuna. Muwakanize. Kumeneko n'kwakuya ndipo madzi amakoka mwamphamvu, zija asodzi akwathu amati mweza. Ndi kwa anthu amene anachita kosi yachiwiri ya Advanced, yofika mamita 30, ndipo alowapo kambirimbiri. Chimodzimodzi makoma akuya a pansi pa nyanja ku chilumba cha Pemba. Shaki wamkulu wamawangamawanga uja, whale shark, mukamufuna ndi ku chilumba cha Mafia kuyambira cha mu Okutobala mpaka Febuluwale, ndipo safuna silinda, mumangosambira naye pamwamba. Umenewo ndi ulendo wina.

Juni si mwezi woipa. Mvula yaikulu ya Malichi mpaka Meyi imakhala itadutsa, koma ndi nyengo ya mphepo yochokera kummwera imene Aswahili amaitcha kusi, mbale wake wa mwera wathu. Ulendo wa paboti umakhala wa mabampu. Ngati mumachita nseru pa Ilala, imwani mankhwala ake musanakwere, mutafunsa kaye kwa adokotala kuti asakhale ogonetsa. Madzi amazizirirapo pang'ono nyengo imeneyi, cha m'ma 25 digiri, ndiye wetsuit, chovala chothina choteteza ku kuzizira m'madzi, musaikane.

Juni yemweyo ku Lilongwe ndi mwezi wa chimfine, ndipo apa ndili ndi umboni wanga. Mukamatsika, madzi amakankha makutu, ndiye mumatsina mphuno n'kuuzira pang'onopang'ono mpaka mutamva kuti thu, mita iliyonse, ululu usanayambe. Mphuno zikatsekeka zimenezi sizitheka. Ulendo wina ndinadzuka ndi chimfine, koma poganizira madola amene ndinali nditalipira kale, ndinangokhala chete. Pa mamita 4 khutu lakumanzere linakana. Ndinakakamiza. Ululu wake unali ngati wina akulowetsa msomali wamoto, ndipo nditavuuka m'magalasi munali timagazi tochokera m'mphuno. Ndinakhala masiku otsalawo pamchenga, khutu lili gwa, ndikuonerera anzanga akunyamuka. Pafomu ya zaumoyo imene adzakupatseni musabise kanthu: mphumu, khunyu, matenda a mtima, BP, opaleshoni ya khutu, zonsezi zimafuna kalata ya dokotala. Ndipo mayi, ngati pali chiyembekezo cha kamphatso kena, woyembekezera salowa pansi ndi silinda.

Pansi pa madzi pakamwa pamakhala potseka, mumalankhula ndi manja. Chala chachikulu m'mwamba, chija timachita pojambulitsa kuti zili bho, kumeneko chimatanthauza "tiyeni tikwere". Kunena kuti zili bwino mumapanga kabowo ndi chala chachikulu ndi cholozera. Pafupifupi aliyense amalakwitsa tsiku loyamba, ataona kamba n'kusangalala, mphunzitsi n'kuyamba kumukweza.

Posankha sukulu, musapangane ndi anyamata okutsatirani pamchenga. Pitani pamalo pawo penipeni mukaone ndi maso. Funsani kuti mphunzitsi mmodzi amatenga anthu angati; kwa ongoyamba, oposa 4 ine ndimakana. Funsani ngati m'boti mumakhala okosijeni wa pangozi, komanso kumene amathamangira ndi munthu amene wakwera mofulumira n'kudwala. Yang'anani kachipangizo koluma pakamwa kaja ngati sikanang'ambike. Mtengo wa kosi ndi madola mazana angapo, choncho auzeni akulembereni ngati zowerenga, zida, khadi ndi ndalama yolowera m'madzi a ku Mnemba zili momwemo. Ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira kwathu kuno, yambani kusakasaka msanga. Dziwaninso kuti kuyambira pa 1 Okutobala 2024 Zanzibar inalamula alendo ochokera kunja kugula inshulansi ya boma lawo, imene inayamba pa mtengo wa madola 44 munthu mmodzi. Musangoganiza kuti imeneyo ikukwanira pa ngozi za scuba. Werengani zimene yalemba, ndipo onaninso ya bungwe la DAN, lomwe ntchito yake ndi yomweyi.

Za ndege zija: mukamapuma mpweya wopanikizika, nayitrojeni amalowerera m'thupi, ndipo amafuna nthawi kuti atuluke. Mukakwera msanga amachita thovu m'magazi ngati botolo la Fanta lotsegulidwa mwadzidzidzi. N'chifukwa chake pomaliza ulendo uliwonse mumaima mphindi 3 pa mamita 5, ndipo mukalowa kangapo mumadikira maola osachepera 18 musanakwere ndege. Ine ndimadikira 24. Ngati mukubwerera pa boti ya ku Dar es Salaam, ya maola awiri ija, vuto palibe panyanjapo, koma basi yopita ku Songwe imakwera mapiri a ku Iringa ndi ku Mbeya, ndiye lamulo lodikira ndi lomwelo. Tsiku lomalizalo lisungireni Stone Town. Tengani chitenje chofunda poyenda m'tauni ndi m'midzi, poti anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu, ndipo madzulo abambowo akakugulireni nsomba yowotcha ndi madzi a nzimbe pamsika wa zakudya wa ku Forodhani.