Learnt kapena learned, cholondola nchiti?

Funso: Akulu, ndili Fomu 4, aphunzitsi anandithetha ndi cholembera chofiira nditalemba "I learned" ati ndi "learnt", koma pa Facebook ndimaona onse awiri. Zoona nziti?
Wophunzira, Zomba

Yankho: Mwanawe mtima m'malo, onse awiriwo ngolondola, kungoti a ku Britain amakonda learnt, dreamt, burnt, spelt pomwe a ku America amangoti learned, dreamed, burned, spelled basi, ndiye poti sukulu zathu zinatengera Chingerezi cha ku Britain aphunzitsi ambiri anazolowera ka t kaja. Ineyo sindikanakuthetha, ngakhale ku London komweko learned amalemba ndithu. Pamayeso sankha mbali imodzi, osasakaniza.

Zinatu nzoseketsa. Dive kalekale inali dived, aku America anangopanga dove potengera drive ndi drove, mpaka inakhazikika. Koma samala ndi hang, apapa tanthauzo limasintha, chithunzi pakhoma chimakhala hung, munthu wonyongedwa ndiye hanged. Za goed ndi buyed zokhazo ayi, ngakhale ku America kulibe, ndi went ndi bought.