Mafunso ndi Mayankho: Kodi ndalama za pa kiyosiki zimapita kuti?

FUNSO: Akonzi, ndine mayi wa ana anayi ndipo ndimakhala m'nyumba ya lendi yopanda mpopi. Madzi timagula pa kiyosiki yomwe imayendetsedwa ndi bungwe la m'dera lathu. Mtengo wa ndowa ukungokwerabe, pamene sabata zina mpopi umauma masiku angapo, ndipo tikafunsa wogulitsa madzi amangoti zimenezo n'za akuluakulu. Amayi anzanga akuti tilande kiyosikiyi kuti tiziyendetsa tokha. N'chifukwa chiyani madzi ali odula chonchi, ndipo kodi maganizo olandawa ndi abwino?
Mayi wodandaula, Bangwe

YANKHO: Mayi, dandaulo lanu ndi lomveka, ndipo tiyambe ndi mtengo. Madzi ambiri amene anthu a mu Blantyre amamwa amachokera mu mtsinje wa Shire, pa malo otchedwa Walker's Ferry, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda. Mzindawu uli pamwamba pamene mtsinje uli m'chigwa, motero madziwo amakankhidwa ndi makina kukwera chitunda cha mamita pafupifupi 800, ndipo amadzera ku Chileka komwe kuli makina ena owakankhanso. Makina onsewa amayendera magetsi, choncho gawo lalikulu la ndalama zimene bungwe la Blantyre Water Board limatolera limathera ku bilu ya magetsi. Magetsi akazima nthawi yaitali, matanki amaphwa, ndipo oyamba kuvutika ndi anthu okhala m'madera okwera ndi a kumapeto kwa mapaipi.

Damu la Mudi lili pafupi, koma ndi laling'ono, komanso lakhala likudzaza matope chiyambire pamene mitengo ya m'phiri la Ndirande inatha m'zaka za m'ma 1990, anthu n'kuyamba kulima m'malo amene damuli limatengako madzi. Madzi a ku Likhubula, m'phiri la Mulanje, anabwera kudzathandiza, koma nawonso anthu akuchuluka: kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mumzindawu. Zimenezi n'zimene zimachititsa kuti madzi athu asakhale otsika mtengo, ndipo palibe komiti ya m'dera imene ingazisinthe.

Chimene mungasinthe ndi kayendetsedwe ka ndalama pakati pa mita ya kiyosiki ndi ofesi ya bungwe lanu. Apa ndiye sindikugwirizana ndi maganizo olanda. Mabungwe oyendetsa makiyosikiwa anakhazikitsidwa chifukwa cha mavuto amene analipo kale, pamene makiyosiki ankayendetsedwa ndi makomiti ang'onoang'ono, mafumu kapena anthu a chipani. Anthu ankalipira ndowa iliyonse mokhulupirika, koma ndalama zinkathera m'matumba mwa anthu ochepa, ngongole ya madzi n'kumakula mpaka mpopi kudulidwa. Ovutika anali amayi omwewo amene analipira kale. Cholinga chosonkhanitsa makiyosiki ambiri pansi pa bungwe limodzi lolembetsedwa mwalamulo chinali choti pakhale akaunti ya kubanki, ogulitsa madzi olandira malipiro odziwika, oyendera mamita, ndiponso matrasti, kapena kuti akuluakulu oyang'anira bungwe, amene angafunsidwe zinthu zikasokonekera. Kiyosiki imodzi yoima payokha ilibe mphamvu yokonzera paipi ikaphulika, ndipo mwezi umodzi wokha wa malonda ochepa ndi wokwanira kuigwetsa m'ngongole. Komanso mgwirizano wa madzi pa kiyosikiyo uli m'dzina la bungwe, osati la amayi otunga, choncho kulanda kungakuikeni pa mlandu ndipo mpopi ungatsekedwe.

M'malo mwake, phunzirani kuwerenga mita, pakuti mita sinama ngati mmene munthu anganamire. Yuniti imodzi pa mita ndi malita 1,000, omwe ndi ndowa 50 za malita 20. Sankhani amayi awiri kapena atatu oti m'mawa uliwonse, wogulitsa asanatsegule mpopi, azilemba m'kope nambala imene ili pa mita, ndipo madzulo akatseka azilembanso. Ngati m'mawa mita inali pa 4,310 ndipo madzulo yafika pa 4,316, ndiye kuti patuluka mayuniti 6, kapena kuti ndowa 300. Chulukitsani 300 ndi mtengo wa ndowa ndipo mupeza ndalama zimene zinayenera kutoleredwa tsiku limenelo. Muchotseko pang'ono chifukwa madzi ena amatayika potsuka ndowa, ena amasefukira, ndipo zigubu zina zotchedwa za malita 20 zimalowa oposa pamenepo. Koma ngati mwezi wathunthu ndalama zikuperewera ndi theka, vuto si kusefukira ayi. Mukapezanso kuti nambala ya m'mawa yaposa ya dzulo madzulo, dziwani kuti paipi ikudontha kapena wina akutunga usiku.

Mukakhala ndi kope limenelo, lembani kalata kwa wapampando wa bungwe, mfumu ya dera ndi khansala wanu alandirekonso, yopempha zinthu zimene muli ndi ufulu woziona ngati ogula: malamulo a bungwelo, mabilu a madzi a miyezi yapitayi pamodzi ndi malisiti osonyeza kuti analipiridwa, ndi tsiku la msonkhano waukulu wa pachaka. Funsaninso kuti akuluakulu amene alipowa anasankhidwa liti ndipo nthawi yawo ikutha liti, chifukwa mabungwe ambiri amayamba kuola pamene zisankho zasiya kuchitika ndipo anthu omwewo akhazikika pa mipando. Pemphani kuti mtengo wovomerezeka wa ndowa ulembedwe pakhoma la kiyosiki ndi zilembo zikuluzikulu. Akakana zonsezi, pitani ndi kope lanulo ku ofesi ya Blantyre Water Board, komwe kuli anthu oona za makiyosiki, ndipo mukatule nkhaniyo ngati gulu.

Ndikupempheni chinthu chimodzi: musamukalipire wogulitsa madzi. Kawirikawiri ndi mayi mnzanu wolandira ndalama zochepa, amene amatsegula mpopi kusanache, ndipo sindiye amaika mtengo. Mukamuyandikira mwaulemu angakhale mboni yanu yoyamba, popeza iye ndi amene amadziwa ndalama zimene amapereka kwa woyendera tsiku ndi tsiku.

FUNSO: Akonzi, pofuna kupewa mavuto a mpopi, ine ndi anansi anga tikuganiza zokumba chitsime kuseri kwa nyumba. Kodi pali choletsa?
Bambo wa ku Chirimba

YANKHO: Bambo, lamulo la za madzi la 2013 limapereka udindo woyang'anira kagwiritsidwe ntchito ka madzi a m'mitsinje ndi apansi pa nthaka ku bungwe la National Water Resources Authority, choncho musanakumbe mufunse kumeneko komanso ku khonsolo ya mzinda. Koma chondidetsa nkhawa kwambiri ndi thanzi lanu. M'madera othithikana zimbudzi zokumba zili pafupipafupi, ndipo nthawi ya mvula zonyansa zimalowerera pansi n'kufika m'zitsime zosazama, ngakhale madziwo azioneka oyera. Mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu January 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Ngati mwaloledwa kukumba, chitsimecho chikhale kutali ndi zimbudzi ndiponso chakumtunda kwake, chimangidwe ndi simenti pakamwa ndi kuvundikiridwa, ndipo madzi ake mugwiritse ntchito pochapa ndi kukolopa. Akumwa ndi ophikira muziwathira klorini kapena kuwawiritsa nthawi zonse.