Masabata awiri oyamba asakunamizeni

Asisi amene mwalemba mobisa dzina, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati kukiliniki anakupatsani fluoxetine chifukwa cha nkhawa ndi kusowa tulo, lero ndi tsiku lachisanu, koma m'malo mopezako bwino mtima ukungothamanga kuposa kale, m'mawa nseru, usiku maso ali gwa. Azakhali anu akuti amenewo ndi mankhwala a ku Chainama, chipatala cha matenda a maganizo chija, mukawazolowera basi mpaka kumanda. Ndiye mukufunsa ngati musiye.

Musasiye panokha. Bwererani kwa amene anakulemberani, ngakhale tsiku limene anakupatsani lisanakwane, mukawauze zomwe mwatiuzazi. Ine si dokotala, ndine telala chabe kuno ku Chilenje mu Lusaka, koma kapisozi yemweyo ndinamumwa chaka ndi miyezi, ndipo tsiku lachisanu ndikulidziwa mmene limakhalira.

Kwa ine zinayamba amayi atamwalira. Maliro anatha, abale anabalalika, ine tulo osabwera. Ndinkadzidzimuka cha m'ma 02, mtima uli thi thi thi ngati ndathamangitsidwa, m'manja thukuta, pachifuwa ngati wina waikapo thumba la simenti. Ndinkamva agalu a m'dera lonse, ndimve tambala woyamba, kenako makondakitala ayamba kukuwa "Town! Town!" kumsewu ine ndisanatsinzine n'komwe. Masana mutu sunkagwira. Diresi ya mwini ndinaisokapo mkono mozondotsa kawiri konse. Ndinayezetsa BP, shuga, malungo, magazi, zonse zili bwino. Mpamene clinical officer wina wofatsa anaika cholembera pansi n'kundifunsa kuti, "Amayi, kodi mumaganiza kwambiri?" Ndinangoyamba kulira pompo.

Munthu ameneyo anandiuza chinthu chimene ndikuona ngati inu sanakuuzeni, kapena anakuuzani muli ndi mantha ndiye sichinalowe. Mankhwala awa zowawa zake zimafika msanga, zabwino zake zimabwera pambuyo. Fluoxetine ali m'gulu la mankhwala otchedwa SSRI, limodzi ndi sertraline ndi escitalopram. Amagwira ntchito pa serotonin, kanthu ka m'thupi kamene mitsempha imagwiritsa ntchito potumizirana mauthenga. Serotonin wambiri m'thupi ali m'matumbo, osati m'mutu, n'chifukwa chake mimba ndi imene imayamba kudandaula: nseru, kutsegula pang'ono, chakudya osakoma. Ena mutu umawawa, ena manja amanjenjemera, ena amalota zachilendo. Ine ndinkayasamula ngati mwana, mpaka makasitomala kumafunsa ngati ndagonera kumaliro ena. Ndipo kwa ife a nkhawa, m'sabata yoyamba nkhawayo imatha kukwera kaye m'malo motsika. Izi madokotala amazidziwa bwino, sikuti matenda akukula kapena kuti mwalodzedwa. Zambiri zimazilala pakatha sabata imodzi kapena masabata awiri. Kusintha kwenikweni anthu ambiri amayamba kukuona pakati pa masabata 2 ndi 4, ndipo kuti munene motsimikiza kuti akukuthandizani kapena ayi pamafunika masabata 6 mpaka 8. Sali ngati Panadol woti mwamwa, pakatha ola mutu waleka.

Ine tsiku lachisanu ndi chinayi ndi limene ndinafuna kutaya kapaketi konse m'chimbudzi. Sindinataye chifukwa mng'ono wanga anandilanda n'kumandipatsa yekha m'mawa uliwonse. Kuchira kwake sikunabwere ndi ng'oma ayi. Tsiku lina m'sabata yachinayi ndinadzutsidwa ndi mwana akufunsa kumene ndaika yunifolomu yake, kunja kutayera kale. Ndinakhala pabedi ndikudabwa kuti chasintha n'chiyani, kenako ndinazindikira kuti agalu aja sindinawamve.

Tsopano funso langa kwa inu: mumamwa nthawi yanji? Chifukwa apa mpamene ine ndinadzipweteka ndekha. Ndinkaganiza kuti poti ndadandaula za tulo, ndiye kuti andipatsa mankhwala ogonetsa, ndiye ndinkamwa pogona. Fluoxetine si mankhwala a tulo. Anthu ambiri amawachangamutsa, n'chifukwa chake kawirikawiri amati mumwe m'mawa. Mukayamba mwadyako kaphala kapena buledi, nseru imachepa. Tulo timabwerera chifukwa nkhawa yatsika, osati chifukwa kapisozi wakugonetsani. Onaninso pa kapaketiko. Ambiri amayambira pa 20 mg, koma kwa munthu amene mantha amamugwira mwadzidzidzi, mtima n'kuthamanga ngati akufa, nthawi zina dokotala amayambira pa mlingo wochepa n'kumakweza pang'onopang'ono. Kafunseni ngati zingatheke kwa inu. Musatsegule kapisozi n'kumagawa ufawo panokha. Mukaiwala tsiku limodzi, mawa lake mumwe mmodzi monga mwa nthawi zonse, osati awiri.

Ndaona ena amene ayankha funso lanu akukuuzani kuti pezani amitriptyline, iwo anawagonetsa tsiku lomwelo. Zoona amagonetsa, ndipo madokotala amaperekadi kwa anthu ena, amamwa usiku. Koma ndi mankhwala a gulu lina, akale, amaumitsa m'kamwa, amadzimbitsa, ukadzuka mofulumira chizungulire, ndipo munthu akamwa ochuluka amasokoneza kagundidwe ka mtima mpaka kufa. Komanso fluoxetine amachititsa kuti amitriptyline achuluke m'magazi. Ndiye kutenga wa mnzanu n'kuphatikiza ndi wanuyo ndi kusewera ndi moyo. Kulinso mirtazapine, amene amabweretsa tulo komanso njala, ambiri amanenepa naye. Ngati fluoxetine sakuyanjani pali ena oti angakusinthireni, koma wosintha akhale amene ali ndi fayilo yanu.

Za kuzolowera zimene akunena azakhali, tiyeni tisiyanitse bwino. Ine amene anatsala pang'ono kundigwira pakhosi ndi diazepam. Ndisanapite kuchipatala ndinkagula timapilitsi timeneti pa kasitolo kena ka mankhwala m'komboni, popanda pepala la dokotala. Masiku oyamba tulo tofa nato. Pasanathe mwezi kamodzi kanaleka kukwana, ndipo usiku woti ndilibe mantha ankabwera owirikiza. Amenewo ndiwo amapangitsa munthu kuwafunafuna, n'chifukwa chake dokotala akakupatsani amati a masiku ochepa okha, osapitirira masabata 2 mpaka 4. Fluoxetine sakupatsani chibaba ngati cha fodya kapena mowa, ndipo simufuna kumangowonjezera. Chimene chilipo n'chakuti thupi limamuzolowera, ndiye mankhwala a gulu limeneli ukawadula mwadzidzidzi pamatha kubwera chizungulire, kupsa mtima msanga, ena amamva ngati magetsi akuwagwira m'mutu. Fluoxetine amachedwa kuchoka m'thupi kotero kwa iye zimenezi zimakhala zochepako kusiyana ndi anzake, komabe posiya mumasiya mogwirizana ndi dokotala. Ine ndinasiya, lero sindimwa, ndipo ndili moyo. Mukawauze azakhali.

Koma musathamangire kusiyako. Malangizo amati mupitirize miyezi yosachepera 6 kuchokera pamene mwayamba kumva bwino, ndipo pa nkhawa nthawi zambiri amati chaka. Ine mwezi wachitatu ndinapita kokatenga mankhwala n'kupeza atha. Poti ndinali nditayamba kugona bwino ndinati basi ndachira, sindinavutikenso kufunafuna kwina. Patapita masabata angapo ndinali maso cha m'ma 02, ndikumvanso agalu omwe aja, n'kuyambiranso nseru ija pachiyambi. Muzipita kokatenga ena mukadali ndi a sabata yathunthu m'manja. Akakuuzani kuti atha, pemphani akulembereni pepala mukagule ku pharmacy yovomerezeka, ndipo ngati muli pa inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA funsani kumene angakulandireni.

Mawu akuti Chainama amatiopsa tonse chifukwa tinakula tikutukwanizana nawo. Koma ndi chipatala basi, chili apo pa Great East Road pafupi ndi chipatala cha Levy Mwanawasa. Ambiri amene amapita kumeneko amaonana ndi dokotala, atenga mankhwala, akwera basi kubwerera kwawo kukaphika nsima. Ngakhale lamulo linasintha: la 1949 lija lochokera kwa atsamunda linachotsedwa, pano tili ndi Mental Health Act ya 2019. Fluoxetine yemweyu si wachilendo, ku America anavomerezedwa mu 1987 ndi dzina loti Prozac, ndipo ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika kwambiri. Kupemphera pempherani, inenso amayi a kutchalitchi anandigwira dzanja kwambiri nthawi imeneyo. Kungoti wa shuga amapemphera uku akumwa mankhwala ake, ndipo palibe amene amamuuza kuti chikhulupiriro chake chachepa.

Pali zina zosayenera kuphatikiza mwachisawawa. Tramadol ndi fluoxetine sagwirizana, angathe kuyambitsa kukomoka kapena kuchulutsa serotonin mpaka poopsa. Brufen, diclofenac ndi aspirin, amene timangogula ngati maswiti, akaphatikana ndi SSRI amawonjezera ngozi yotaya magazi m'mimba. Mutu ukawawa Panadol ndiye wabwino. Mowa usiyeni kaye, umagonetsa msanga koma umadzutsa pakati pa usiku nkhawa itawirikiza. Ngati muli pa ma ARV kapena mankhwala a TB, nenani, chifukwa ena amasokonezana, ndipo dolutegravir amene ali mu ma ARV otchedwa TLD anthu ena amawasowetsa tulo. Osasiya ma ARV, kungowauza basi kuti aone nthawi yomwera. Mukadwala malungo, asanakupatseni Coartem atchulireni zimene mukumwa. N'chimodzimodzi mankhwala achikuda. Ngati muli oyembekezera, mukuyamwitsa kapena mukufuna mwana, imeneyo ndi nkhani yoyamba kunena mukangokhala pampando.

Izi tsopano si zodikira masabata 6 ayi. Mukayamba kuganiza zodzipha kapena kudzivulaza, kapena maganizo amenewo akakula kuposa kale, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, usiku ukhale usiku. Chipatala chachikulu cha UTH ndi chotsegula, zipatala za Chilenje, Matero, Chawama ndi Kanyama zilipo, ndipo nambala ya foni ya 933, ya opereka uphungu a Lifeline, ndi yaulere. Zimenezi zimaoneka kwambiri kwa osakwana zaka 25 m'masabata oyamba kapena mlingo ukasinthidwa. Chimodzimodzi mukaona kuti mukulephereratu kukhala pansi, miyendo ikungofuna kuyenda. Kapena masiku angapo osagona koma mphamvu zili tho, mukulankhula osapuma, ndalama mukumwaza. Kapena thupi latentha, thukuta kamukamu, minofu ikugwedezeka kapena kuuma, mutu wasokonezeka. Kapena zidzolo ndi kutupa nkhope, kapena chimbudzi chakuda bii. Pezani munthu mmodzi pakhomo amene mumamukhulupirira, mumuuze zizindikiro zimenezi kuti azikuyang'anirani. Asakhale azakhali aja.

China chimene alangizi sanatiphunzitse, ndipo kuchipatala ambiri timachita nacho manyazi: za kuchipinda. Mankhwala a gulu limeneli amatha kuchepetsa chilakolako kapena kuchedwetsa kufika, kwa amayi ndi abambo omwe. Ine ndinakhala chete miyezi iwiri mpaka abambo a kunyumba anayamba kuganiza zina. Nditawafotokozera, ndiponso nditamuuza dokotala, nkhani inapepuka. Zikakuchitikirani nenani, pali zimene angasinthe.

Pa tulo, kapisozi yekha sangalime munda wonse. Tiyi wa masamba, khofi, Coca-Cola ndi tizakumwa topatsa mphamvu tija, ikakwana 14 hours basi. Muzidzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse ngakhale mwagona maola atatu okha, ndipo masana musagone, ngakhale zimawawa. Tulo tikakana, musagubuduke pabedi mukuyang'ana nthawi pafoni. Dzukani, khalani pampando mopanda kuwala kwambiri, mubwerere pamene zikope zalemera. Ine chimene chinkandiwononga ndi malodi, kuzimazima kwa magetsi kuja. Magetsi akabwera pakati pa usiku ndinkadzuka kukasita ndi kusoka, thupi n'kuiwala kuti usiku ndi uti. Ndinachita kubwereka makina opalasa kuti ndizimaliza ntchito dzuwa likadalipo. Funsaninso ngati pakiliniki panu pali wopereka uphungu. Kukambirana ndi munthu wophunzira ntchito imeneyi, makamaka njira imene amaitcha CBT, kumathandiza kwambiri pa nkhawa ndi pa tulo pomwe. Kwa ine n'kumene ndinatulutsira za imfa ya amayi, zimene kapisozi sakanatha kuzimva.

Gulani kabuku ka sukulu kotchipa. M'mawa uliwonse lembani mizere itatu: mwagona nthawi yanji, mwadzuka kangati, ndipo nkhawa ya dzulo mukuipatsa zingati pa 10. Nkhawa imaiwalitsa masiku abwino, ndipo mukafika pamaso pa dokotala pamzere pali anthu ambiri kumbuyo kwanu, mumangoti "zili chimodzimodzi" pamene sizili choncho. Kanga ndikadali nako, tsamba loyamba muli ma 9 okhaokha, lachisanu muli ma 4 ndi ma 5. Mawa kapena mkuja popita kukiliniki mutenge kabukuko ndi kapaketi ka mankhwala, pamodzi ndi china chilichonse chimene mukumwa. Ndipo ndiyankheni pansipa ngati mumamwa m'mawa kapena usiku.