Kodi Cutty Sark ingatuluke m'zidutswa za mbawa?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Area 25, amene angopuma kumene pa ntchito ya uphunzitsi. Mwana wawo ali ku London ndipo anawatumizira chithunzi cha chombo chamatanga chotchedwa Cutty Sark. Chionereni chithunzicho, akuti mtima sukukhazikika. Funso lawo linali lotere: "Ndikufuna kupanga kachombo kamatabwa kofanana nacho koti ndiike pa kabati pabalaza. Mabokosi a tizidutswa todulidwa kale amene ndikuona pa intaneti mtengo wake ndi wosayamba, osanena zotumiza. Ndili ndi zidutswa za mbawa zimene zinatsala pokhoma zitseko. Zingatheke? Kakhale kakakulu bwanji, nanga kanditengera nthawi yotani?"

Aphunzitsi, zitheka, ndipo bokosi lakunjalo simukulifuna. Koma mbawa yanuyo muisunge kaye, komanso Cutty Sark isakhale chombo chanu choyamba.

Tiyambe ndi masamu, poti inu ndi eni ake a choko. Thupi la Cutty Sark ndi lotalika pafupifupi mamita 65, m'mimba mwake mamita 11, ndipo mukaphatikiza mtengo wosongoka wakutsogolo uja chimafika mamita 85. Muyeso wosavutitsa mutu ndi wa 1:100, pomwe mita imodzi ya chombo chenicheni imasanduka sentimita imodzi. Kanuko katalika masentimita 85, ndipo milongoti yake ikwera pafupifupi theka la mita. Pitani ndi tepi pa kabati paja musanadule kanthu, ndipo mayi akunyumba mukambirane nawo, chifukwa mbale zawo zagalasi zisamuka. Pa muyeso womwewo munthu wamkulu ndi wa mamilimita 17, ngati mtedza, ndipo thabwa la masentimita 20 m'lifupi limakhala ngati mtengo wa machesi.

Chimene chimagwetsa anthu ulesi ndi zingwe. Chombochi chinali ndi matanga 32 ndi zingwe zokwana makilomita 17 ndi theka mukazilumikiza. Gawani ndi 100, mupeza kuti mukufunika ulusi wa mamita 175, ndipo wonsewo muumanga m'timfundo tambirimbiri ndi kopanira kakang'ono, maso ali tong'o. Matanga anachuluka chonchi chifukwa chombocho anachipangira liwiro. Chinalowa m'madzi ku Dumbarton, ku Scotland, pa 22 Novembala 1869, kuti chizithamangitsa tiyi woyamba wa chaka kuchokera ku China kupita ku London. Tsoka lake, masiku asanu m'mbuyomo ngalande ya Suez inali itatsegulidwa, ndipo sitima za nthunzi zinayamba kudulira pamenepo pamene zamatanga zinkazungulirabe kumunsi kwa Africa. Malonda a tiyi atachoka m'manja, chinakatchukira pa ubweya wa nkhosa wochokera ku Australia, makamaka pansi pa kaputeni Richard Woodget.

Mbiri imeneyi ikukukhudzani popanga. Mu 1895 chinagulidwa ndi Apwitikizi, nachitcha Ferreira, ndipo chinkafika ngakhale m'madoko a anzathu a ku Mozambique. Mu 1916 mkuntho unachithyola milongoti kufupi ndi Cape of Good Hope, ndipo pochikonza ku Cape Town anasintha kaimidwe ka matanga. Ndiye zithunzi zakale zimene mupeze pa intaneti sizifanana, ndipo mukasakaniza mutulutsa chombo chimene sichinayendepo panyanja iliyonse. Sankhani nyengo imodzi n'kuikakamira. Mwayi muli nawo: chitapsa ndi moto mu 2007 anachikonza, n'kuchitsegulanso mu 2012 atachikweza m'mwamba kotero kuti alendo ku Greenwich, mu London, komwe chimasungidwa, amayenda kunsi kwake. Mwana wanuyo akajambule mimba ya chombo ali pansi, cha kutsogolo ndi cha kumbuyo komwe, ndipo akafunse za mapulani ku Royal Museums Greenwich amene amachiyang'anira. Popanda pulani yoonetsa kupindika kwa nthiti iliyonse mudzangosema mtondo wokhala ndi milongoti.

Choyamba pangani chombo cha kunyanja kwathu konkuno. Ndikunena zombo za thanga limodzi la makona atatu zimene a Jumbe ankakhoma ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1800, zowolotsera minyanga ndi akapolo kutsidya la kum'mawa pa ulendo wa ku Kilwa, doko la ku gombe la Tanzania. Mbiri yake ndi yowawa, koma ndi yathu, ndipo zidzukulu za zombozo zikuyendabe pakati pa Likoma ndi gombe la Mozambique. Mlongoti ndi umodzi, zingwe zosakwana khumi, tsigiro kumbuyo, basi. Koma zonse zimene Cutty Sark idzafune m'manja mwanu, monga kuimika msana, kupinda matabwa ndi kusoka thanga, muziphunzira pamenepo, ndipo mukalakwitsa mutaya masabata osati chaka.

Tsopano mbawa. Ndi mtengo wokongola pa chitseko, koma tengani kachidutswa mukayang'anitsitse padzuwa. Muona timaenje tating'ono tandanda m'njere zake. Pa chitseko sitioneka, koma pa kathabwa ka mamilimita awiri kaenje kamodzi kamakhala ngati chibowo cholowa chala pa chombo chenicheni, ndiponso ikapyapyala kwambiri mbawa imathetheka popinda. Mlombwa nawonso chimodzimodzi. Mbawayo idzagwira ntchito pa chokhazikapo chombo, pa msana ndi m'mphepete mwa pamwamba, pomwe kufiira kwake kudzakometsa. Zokutira nthiti funani mtengo wa njere zosalala: ine ndimakonda malaina ndi jakaranda, yofewa, yoyera, yomvera mpeni. Paini wa ku Chikangawa ndi wosasowa, koma musankhe wopanda mfundo ndi utomoni. Wina akakunong'onezani kuti ali ndi mkungudza wa ku Mulanje, mukaneni. Ndi mtengo wa fuko, watsala pang'ono kutha m'phirimo, ndipo kuudula n'koletsedwa.

Chachikulu kuposa mtundu wa mtengo ndi kuuma kwake. Apa ndinapsa ndekha. Chaka china mu Febuluwale, mvula ili pakati, ndinagula thabwa la paini kwa wogulitsa wina amene analumbira kuti ndi louma. Ndinadula msana ndi nthiti, n'kumata, zonse zili bwinobwino. Pofika Julayi, mpweya utauma, ndinadzuka m'mawa wina n'kupeza kachomboko katakhota ngati nthochi, mutu ukuyang'ana kumanzere, mchira kumanja, timatabwa titatu titang'ambuka pambali. Miyezi inayi inathera m'mbaula. Kuyambira pamenepo thabwa lililonse ndimaliika pa sikelo ya kukhitchini, kulemba kulemera kwake ndi pensulo pathabwa pomwepo, n'kulisiya pa mitanda ya denga. Loweruka lililonse ndimaliyezanso. Nambala ikasiya kutsika kwa masabata atatu, ndiye lauma. Zidutswa zanu za zitseko, ngati zakhala m'nyumba zaka, mayeso amenewa zinakhoza kale.

Kocheka pitani kwa akalipentala a ku Mchesi amene ali ndi sowo yamagetsi, muwapemphe akuchekereni timizere ta mamilimita awiri kapena atatu. Adzakuyang'anani ngati mwazungulira mutu, ndipo theka la thabwa lidzathera mu utuchi, koma mukawaonetsa chithunzi ena amachita nazo chidwi mpaka kukusankhirani okha zidutswa pamulu. Za pansi popondapo amalinyero pali njira yachidule: timatabwa tija adokotala amapanikizira lilime poyang'ana kukhosi, amagulitsa m'mafamase. N'tosalala, touma kale, ndipo timang'ambika bwino ndi lezala ndi rula yachitsulo.

Thupi limayamba ndi msana ndi nthiti za plywood ya mamilimita anayi, zolowetsana m'mipata. Nthiti iliyonse muiyeze ndi sikweya guluu asanagwire, chifukwa imodzi ikapendama mbali yonse itsatira. Kenako pali ntchito imene ambiri amailumpha: kupala m'mphepete mwa nthiti ndi sandipepa womata pa kamtengo katali, mpaka kathabwa kopyapyala kakagona pa nthiti zonse popanda kusiya mpata kapena kudumpha. Zimatopetsa, fumbi limalowa m'mphuno, koma kukongola kwa chombo kumachokera pamenepa. Pokuta, matani thabwa limodzi kumanja, lina kumanzere, mosinthana choncho, kuti mbali imodzi isakoke inzake. Pakati pa chombo mimba ndi yaikulu, kumutu ndi yopanikizika, pamene chiwerengero cha matabwa n'chimodzi, choncho lililonse mulisongole pang'ono kumapeto. Popinda, nyikani kathabwa m'madzi otentha mphindi khumi ndi zisanu, kenako kakulungeni pang'onopang'ono pa chitini chomwe mwayatsamo kandulo. Mumva kakufewa m'zala, ndipo kakauma kasunga kupindikako. Gwiritsani guluu woyera wa matabwa, mapini a telala ndi mapegi oyanikira zovala. Supa guluu amadetsa thabwa ndipo vanishi sagwira pomwe wadontha.

Pa Cutty Sark penti idzakubisirani zambiri, chifukwa pamwamba ndi yakuda ndipo kunsi anaikuta ndi malata achikasu a kopa wosakaniza ndi zinki, otchedwa Muntz metal, oteteza ku tizilombo ta m'nyanja. Chombo cha ku Nkhotakota n'chamatabwa oonekera, ndiye chidzakuululani paliponse pomwe dzanja linanjenjemera.

Milongoti semani ya nsungwi youma. Ikani kamtengo pa drilo, gwirani sandipepa m'dzanja linalo, kazungulire mpaka kasongoke. Ulusi gulani kwa ogulitsa zosokera mu Old Town, wa makulidwe atatu. Zingwe zogwira milongoti, zomwe sizisuntha, zikhale zakuda poti ankazipaka phula lakuda. Zokokera matanga zikhale zotuwa, ndipo ulusi woyera mukaunyika mu tiyi wopanda mkaka umatenga mtundu womwewo. Ulusi uliwonse muudutsitse pa phula la njuchi kuti ubweya wake ugone, apo ayi fumbi lidzaukangamira. Matanga dulani pa mpango wakale wa m'thumba umene wachapidwa mpaka kupyapyala. Nsalu yatsopano imaima ngati chikopa.

Za nthawi, ngati mukhala pansi maola awiri madzulo aliwonse, chombo cha kunyanja chitha m'miyezi iwiri. Cutty Sark muipatse chaka, mwina ndi theka, ndipo theka la nthawiyo lidzathera pa ulusi. Zomanga mfundo muzichita masana pakhonde, maso a zaka zathuzi sagwirizana ndi tochi ya foni magetsi akathima.

M'bajeti mwanu muikemonso bokosi lagalasi, odula magalasi a mawindo akhoza kukudulirani. Fumbi la Lilongwe la mu Seputembala ndi Okutobala likalowa m'zingwe za mamita 175 zija silipukutika, kangaude naye amaona ngati mwamumangira nyumba, ndipo zidzukulu zikabwera pa holide chinthu choyamba kufunsa ndi ngati kangayandame m'bafa.