Za kansomba ka m'khutu kaja, malume

Malume, mwaswera bwanji? Ndaona funso lanu pa gulupu, loti kodi kansomba komasulira zilankhulo kaja kalikodi, mukagule musananyamuke wa ku Dar es Salaam. Ndangojambula mawu, kulemba kukanatalika. Phokosoli ndi la maminibasi, ndili pa depoti.

Kansombako kulibe, malume. Ngakhale asodzi a ku Nkhata Bay sanakakolepo mu ukonde. Ndi nthano ya mzungu wina wa ku England, Douglas Adams. Inayamba ngati sewero la pa wailesi ya BBC mu 1978, buku lake n'kutuluka mu 1979. Mkuluyo anati kuli kansomba kachikasu, kakang'ono ngati msundu, dzina lake Babel fish. Mukakalowetsa m'khutu, basi, kapeza nyumba. Chakudya chake ndi mphamvu ya maganizo a munthu amene akukulankhulani, ndiye kakadya, zotsalazo kamatulutsira mu ubongo wanu. Eya, tingonena mosabisa, zimene mukumvazo ndi zitosi zake! Iko kakhuta, inu mwamva chilankhulo chilichonse. Ngati kakowa ndi ng'ombe, palibe woluza.

Dzinalo analitenga ku nsanja ya Babele, pa Genesis 11. Izo mukudziwa ndinu, mkulu wa mpingo.

Koma chimene chimandiseketsa ine n'chakuti mwini nthanoyo sananene kuti anthu atamvana dziko linakhala pa mtendere, ayi. Anati nkhondo zinachita kunyanya kuposa kale. Ndipo ine ndikuti sananame. Mukukumbukira pa chinkhoswe cha achemwali? Akuchimuna akucheza m'Chitumbuka mbali yawo, agogo mbali ino akunong'ona za nkhuku ija, ati yowonda ngati yadwala chitopa, kwinaku akumwetulira n'kumawomba m'manja. Alendowo n'kumati, koma gogo uyu ndi waulemu. Aaa! Pakanakhala kansomba m'makutu tsiku limenelo, ukwati ukanathera pa mphasa pomwepo.

Ndiye za ulendo wanuzo. Chapafupi ndi foni. Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira 2014, Chiswahili chilimonso. Koma lembani ziganizo zifupizifupi, miyambi yanu ija muisiye kunyumba. Mukalemba zoti walira mvula walira matope, wogulitsayo adzangoyang'ana kumwamba.

Ku msika wa Kariakoo, ku Dar es Salaam komweko, mawu awiri okha akukwanirani. "Bei gani", ndiye kuti zingati. "Punguza", ndiye kuti tsitsani. Zotsalazo ndi kakyuleta: iye alemba mtengo wake, inu mufufuta, mulemba wanu, mpaka mugwirizane.

Ndipo chonde, wina akakuonetsani kambotolo pa boda n'kunena kuti ndi kansomba kaja, musatulutse ndalama. Minibasi yanga yadzaza, ndiimba madzulo. Chitenje cha amayi musaiwale, akuti chabuluu.